Dengu la Kalongonda pa Geti la Msika

Dengu la amayi lidakalipo. Lili pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga muno, mkombero wake unathyoka mbali imodzi ndipo waya umene amayi anamangirapo unachita dzimbiri kalekale. Ana anga amati ndilitaye, akuti limangosunga mphemvu. Ine ndimangowayang'ana. Dengu limeneli linayenda kuchokera kwathu ku Chiringa mpaka pa geti la msika waukulu wa ku Blantyre, koma mumsikamo silinalowe. Mwini wakenso sanalowe. Amene ndinalowa ndine, kamtsikana kongoyamba kumene kuwerenga, kamene pakamwa pake pankathamanga kuposa maso.

Chinali chilimwe cha nandolo, zaka zija sukulu yapulaimale itangokhala yaulere, ife tikuphunzirira pansi pa mitengo chifukwa chochuluka. Chaka chimenecho nandolo anabereka modabwitsa. Malole ankafika mpaka pa masitolo a pa Chiringa, fumbi lili koboo, kudzanyamula matumba. Amayi akaona lole ikunyamuka ankaima manja ali m'chiuno n'kumati: "Nandolo wanga akukaona tauni, mwini wakene ndili pompano."

Za msikawo anazimva kwa amalume, alongo awo, amene ankagwira ntchito ya umesenjala m'tauni. Anawauza kuti msikawo ndi wofolera malata wonse, mvula ikagwa anthu amagulabe osanyowa, ndipo mulibe nyengo. Chimanga chachiwisi, malalanje, mbatata, nkhaka, zonse umazipeza tsiku limodzi. Zimenezi zinawalowa amayi mumtima. Munthu amene moyo wake wonse ankadikira mvula kuti adye chakuti, n'kudikiranso dzuwa kuti adye chakuti, sakanakhutira ndi zongomva. Ankafuna akaone okha.

Kwathu munthu sankapita ku tauni popanda maliro, matenda kapena mlandu. Ndiye amayi atalengeza kuti akupita kukangoona msika, pamjigo panali phwete. Aneba athu, mayi amene pakamwa pawo panalibe chitseko, ankafunsa ngati msikawo wagonekedwa m'chipatala kuti mpaka ukazondedwe. Amayi sanabwerere m'mbuyo. Ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti akabwerako adzafotokoza zonse, benchi ndi benchi. Lero ndimaona kuti lonjezo limeneli ndi limene linadzawamanga miyendo.

Ine ananditenga chifukwa cha zikwangwani. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo Chichewa chawo chinali chija cholemera ndi Chilomwe, choti munthu wa m'tauni amayamba wamwetulira asanayankhe. "Iwe ukakhala maso anga," anatero. Bambo anatsala ndi ang'ono anga, ndipo ine ndinayenda sabata yonse mapewa ali m'mwamba.

Mlendo sapita chimanjamanja. Kutatsala tsiku limodzi amayi anaphika kalongonda. Amene sanakulire kwathu sadziwa kuti nyemba zimenezi sizifuna waulesi. Umaziwiritsa kuyambira m'mawa, n'kutaya madzi akuda aja, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utatha, apo ayi zimazunguza mutu, mwinanso kupha kumene. Amalume ali mwana ankamukonda kalongonda mpaka kunyambita mbale, ndipo amayi anali asanaiwale. Anamuika m'poto, poto m'dengu, m'mbali anaikamo nandolo ndi makaka a chinangwa, pamwamba anavundikira chitenje chatsopano n'kumanga ndi luzi. Mwambo wake ndi wakuti dengu la mphatso likamangidwa, womasula ndi mayi wa pakhomo pamene likupitapo. Mwini wake salivundukula panjira, komanso salisiya m'manja mwa munthu wosamudziwa, poti muli chakudya.

Tinanyamuka Loweruka, matola mpaka pa Migowi, kenako basi. Ndinawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'njira mpaka abambo ena anandipempha kuti ndipumitse pakamwa. Amalume anatichingamira pa depoti atavala tayi. Amayi anawalonjera m'Chilomwe, iwo anayankha m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, akuyang'ana uku ndi uku. Anati kunyumba n'kutali, koma msika uli pafupi, ndiye bola tiyambire kumsikako. Mpata anali nawo masana omwewo basi, poti mawa lake kunali kutchalitchi ndipo Lolemba m'mawa ife timabwerera.

Msikawo tinayamba kuumva tisanauone. Phokoso lake linali ngati la mtsinje wodzaza, ndipo fungo la nsomba, la anyezi ndi la mafuta okazingira linatipeza tidakali kutsidya kwa msewu. Amayi anafulumiza mwendo, dengu lili pamutu, moti ine ndinkachita kuthamanga. Pa geti panaima bambo wa msonkho, matikiti ali m'manja. Sanali munthu waukali, ankangogwira ntchito yake.

"Mayi, dengu ndi malonda," anatero. "Dulani tikiti, apo ayi vundukulani tione."

"Si malonda, bambo, ndi mphatso ya alamu anga," anayankha amayi.

Bamboyo anati aliyense amanena zomwezo. Kuvundukula amayi anakana, poti womasula luzi lija anali akazi a amalume, osati munthu wa pa geti. Tikitiyo sinali yodula, ndipo amalume anapisa dzanja m'thumba, koma amayi anawagwira mkono. "Ayi, achimwene. Ndikadula tikiti ndiye kuti ndabwera kudzawagulitsa alamu. Mphatso saidulira msonkho." Amalume anawerama n'kufunsa monong'ona chimene chinali m'dengumo. Atamva kuti ndi kalongonda, nkhope yawo inagwa. M'tauni Mlomwe ankasekedwa ndi nyemba zimenezi, ndipo munthu wa tayi sakanaima pa geti atakumbatira dengu lake. Mawu akuti "bwera nalo kuno, ndikugwirire, iwe ulowe" sanatuluke pakamwa pawo.

Tinalipo atatu, ndipo mmodzi anayenera kutsala ndi dengu. Mwana wanzeru akanadziwa kuti wotsalayo ndani. Ulendo unali wa amayi, nandolo wolipira basi anali wawo, chilakolako chinali chawo. Ine ndinali ndi moyo wonse patsogolo woti ndidzaone misika. Koma kudzera pa getilo ndinali nditaona mulu wa zipatso zofiira zonyezimira zimene sindinkazidziwa dzina, ndipo ndinali nditayamba kale kukoka dzanja la amalume. Amayi anandiyang'ana, anasuzumira mkati, anandiyang'ananso.

"Miyendo yanga yatupa ndi basi ija," anatero. "Pitani, ine ndipumeko pamthunzi apa. Ukandionere bwinobwino, usakasiye kanthu."

Ndinakhulupirira. Mayi amene ankayenda wapansi mpaka ku Migowi thumba lili pamutu, ine ndinakhulupirira kuti basi yawatupitsa miyendo. Ndinakhulupirira chifukwa zinandikomera kukhulupirira, ndipo ndinalowa osacheuka.

Zimene ndinaonadi mkatimo ndi zochepa. Ndinali wamfupi, ndiye kwambiri ndinkaona misana ya anthu, zitenje ndi nsapato. Pansi panali ponyowa ndi poterera. Denga linali kutali, lakuda ndi mwaye, kuwala kukulowera m'mabowo. Ndinaona chambo atachigoneka pa madzi oundana, ndipo nditakhudza mwala wozizirawo chala chinandiwotcha mpaka ndinakuwa. Ndinaona abambo akudula nyama ndi nkhwangwa pachitsa, tizidutswa ta mafupa tikuthethekera anthu. Panali kabichi wina woyera wamabwinyabwinya amene ndinkaganiza kuti ndi wodwala. Panalinso azungu awiri, zikwama zazikulu kumsana, akujambula mulu wa usipa ngati aona chozizwitsa. Ndinawaseka, osadziwa kuti nanenso ndinali mnzawo, wobwera kudzangoyang'ana chakudya cha eni ake.

Kenako amalume anandigulira tchipisi cha m'pepala ndi chipatso chofiira chija, anati ndi apozi. Kuona kunathera pomwepo. Maso anga anapita m'manja mwanga ndipo sanabwerere. Ndinadya tchipisi chonse, ndinanyambita mchere wa papepala, ndinadya apozi mpaka njere zomwe. Zoti ndisungeko theka la wotsala kunja uja sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Amalume anapeza mnzawo kubutchala n'kuyamba kucheza, ine ndinapempha kuti tikaonenso madzi oundana aja, tinazungulira, tinazunguliranso.

Potuluka tinapeza mthunzi utasuntha. Amayi anali padzuwa, atatsamira khoma la msika pakati pa azimayi ogulitsa pansi, dengu lili pakati pa miyendo, luzi lili chimangire. Milomo yawo inali itauma. Sanadandaule kuti tachedwa. Anandikoka pafupi, anatenga manja anga onse awiri n'kuwaika pamphuno pawo, anatseka maso, n'kuwanunkhiza nthawi yaitali. Ndinachita manyazi ndi anthu odutsa, ndinalanda manja anga n'kuwapukutira m'diresi.

Za kunyumba kwa amalume ndikukumbukirapo pang'ono. Akazi awo anamasula luzi, anavundukula poto, anati zikomo wa kukamwa kokha, n'kumukankhira kunsi kwa tebulo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawapeza amalume kuseri kwa nyumba, tayi atavula, akudya kalongonda uja ndi manja, masaya ali tututu. Amayi sanapemphenso za msika. Mlendo ndi mame, ankatero, savutitsa eni khomo. Lolemba dengu linabwerera lili ndi shuga, sopo ndi buledi.

Mafunso anayamba basi itangonyamuka. Ukalowa, kumanja kuli chiyani? Nanga kumanzere? Mabenchi ndi a matabwa kapena a simenti? Chimanga chachiwisi unachionadi? Nandolo amamuika mbali iti? Ndinanena za chambo, za nyama, za azungu, ndipo zoona zanga zinatha tisanatuluke n'komwe m'tauni. Amayi anali akundiyang'anabe pakamwa. Kunena kuti sindinaone chifukwa ndinatanganidwa ndi kudya kunandikanika. Choncho ndinayamba kuthira mchere.

Ndinati pakati pa msika pali thanki ya simenti mmene nsomba zimasambira zamoyo, iwe umangoloza. Ndinati nyama imayenda yokha pa tcheni cha kudenga. Bodza lililonse linkalandiridwa ndi manja awiri, ndipo ine ndinkalimba mtima. Ndiye ndinaona dengu lija pamiyendo pawo, ndinakumbukira nkhope ya amalume pa geti, ndipo ndinafuna kuwapatsa amayi kanthu kabwino. Ndinati kumapeto kwa msika kuli kabati yagalasi, mkati mwake muli mbale zoyera za kalongonda, ndipo azungu aja anagula n'kumadya ndi supuni.

Amayi anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anaseka mokweza mpaka kondakitala anacheuka, n'kumati: "Nanga achimwene ankachitiranji manyazi?" Njira yonse yotsalayo anakhala mowongoka, akusisita mkombero wa dengu.

Kumudzi anthu anali akudikira lonjezo lija. Masiku oyamba amayi ankati "tinaona". Sindikudziwa kuti zinasintha liti, koma nandolo asanathe m'minda anali atayamba kunena kuti "ndinaona". Sanandiuzepo kuti ndibise zoti iwo sanalowe, inenso sindinaulule, tinangogwirizana chamumtima. Chinali chilimwe chokoma. Azimayi ankabwera kudzatithandiza kupuntha nandolo pabwalo pathu kuti amve za msika, ndipo amayi ankafotokoza bwino kuposa ine, akuyerekeza ndi manja kutalika kwa denga, akutsanzira mzungu wogwira supuni. Akaiwala kanthu ankanditembenukira, ine n'kuwonjezera china chatsopano. Nkhani ya kabati yagalasi ndi imene ankaisungira kumapeto. Ngakhale aneba aja anasiya zonyoza, anati kani kalongonda wathuyu ndi wa ulemu chonchi.

Tsiku lina masana aphunzitsi anga anabwera kudzagula nandolo. Anali mayi wachitsikana wobadwira ku Blantyre konko, amene boma linamutumiza kwathu, ndipo ankasowa kwawo koopsa. Atamva kuti amayi anakaona msika uja, nkhope yawo inawala. Anakhala pamkeka pakati pa azimayi opeta n'kupempha kuti awafotokozere, akuti amveko za kwawo. Ine ndinali pomwepo ndikutola makoko.

Amayi anayamba. Za denga aphunzitsi anavomera. Za chambo anavomera ndi chimwemwe. Pa thanki ya nsomba zamoyo anakweza zikope. Pa nyama yoyenda pa tcheni anayang'ana pansi. Ndinapemphera kuti amayi alekere pomwepo, koma munthu sasiya ndiwo yabwino m'mbale. Anafika pa kabati yagalasi, pa mbale zoyera, pa supuni. Aphunzitsi analephera kudzigwira, anaseka mpaka kugwira nthiti. Sikunali kuseka kwa chipongwe, ankaganiza kuti amayi akuchita nthabwala.

"Iii mayi, mwandipha! Ine ndakulira mumsika umene uja, kabati yagalasi mulibemo. Kalongonda amagulitsa azimayi a kuno omwe, kunja kwa khoma, pansi."

Malichero anaima. Aneba aja anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono. "Kodi anzathu, mumsikamo munalowadi?"

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Sikunali kuyang'ana kwaukali, ndipo mwina kukanakhala kwaukali bwenzi nditakuiwala. Mawu amodzi akanawapulumutsa: ndi mwanayu anandiuza. Aliyense akanamvetsa, poti pakamwa panga pankadziwika mudzi wonse. Inenso ndikanatha kuimirira n'kunena kuti bodzalo ndi langa. Ndinangoti zyoli, makoko a nandolo ali m'manja.

"Mwina ndinasokoneza, aphunzitsi," anatero amayi. "Zinthu zinali zambiri." Anatola lichero lawo n'kupitiriza kupeta.

Aphunzitsi anazindikira mochedwa chimene chachitika. Anayeza nandolo wawo mwachangu n'kutsanzika akupepesa. Koma nkhani inali itatuluka kale. Pofika mawa lake pamjigo amayi anali atapatsidwa dzina, Anagalasi, ndipo dzinalo silinawachoke mpaka ukalamba. Ana obadwa pambuyo ankawaitana choncho mwaulemu, poganiza kuti ndi dzina lawo lenileni.

Ndinadikira ndodo. Ndinaidikira madzulo amenewo, ndinaidikira m'mawa mwake, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, chifukwa ndodo ikatha nkhani imathanso. Sinabwere. Patapita masiku tinali awiri kuseri kwa nyumba tikusenda chinangwa choti tiyanike makaka. Amayi, osadzutsa mutu, anati: "Tsopano undiuze zimene unaonadi."

Ndinanena ndikulira. Ndinati ndinaona misana ya anthu. Ndinati pansi panali ponyowa, denga linali lakuda, chala chinandiwotcha. Ndinati chimanga chachiwisi sindinachione, nandolo sindinamuone, chifukwa ndinkadya. Zonse zinatha chinangwa chimodzi chisanathe kusendedwa. Ndinkayembekeza kuti afunsa chifukwa chimene ndinanamira, koma anaika mpeni pansi n'kumvetsera mofanana ndi mmene anamvetserera m'basi muja. Anafunsa kuti madzi a pansiwo ankachokera kuti. Anafunsa ngati mabowo a kudenga anali aakulu oti n'kulowetsa mvula. Anafunsa ngati apozi ndi wotsekemera kapena wowawasa, ndipo ngati amasendedwa.

"Unadya yense?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Unachita bwino," anatero, n'kutolanso mpeni.

Nditakula ndinapeza ntchito ku Blantyre konkuno. Malipiro oyamba atangotuluka ndinapita kumudzi kukawatenga, ndinati tiyeni mukalowe mumsika uja opanda dengu, tikazungulire tsiku lonse. Anaseka n'kunena kuti anauona kale. Ndinapempha chaka china, ndi chinanso, yankho linali lomwelo, mpaka miyendo inadzatupadi ndipo ulendo sunathekenso. Ine ndimagula ndiwo mumsika womwewo. Chimanga chachiwisi chimapezekadi chilimwe, nandolo ali kumanzere ukangolowa, mabenchi ndi a simenti. Mayankho onse ndili nawo tsopano, wofunsa ndiye palibe. Ndikamadutsa pa geti ndimayesetsa kusayang'ana khoma lija, koma maso amapita okha.

Kamtsikana kaja kanamvetsa za bodza, kanamvetsanso za manyazi a pabwalo paja. Chimene sikanamvetse ndi cha pa khoma paja, masana aja, amayi atakagwira manja. Kankaganiza kuti akufuna adziwe ngati kagwira zauve. M'manjamo munali mafuta a tchipisi, madzi a apozi ndi kafungo ka chambo, ndipo msika wonse umene amayi anauyendera ulendo wautali chonchija unali umenewo. Anali atangoyamba kumene kulowamo, maso ali chitsekere, pamene ine ndinalanda manja anga n'kuwapukutira m'diresi.